Uci Uwu Wacokera ku Mtengo Uti?

Mabotolo awiri

Pa msika pali mabotolo awiri a uci. Uci wa m'botolo loyamba ndi woyererako. Uci wa m'botolo laciwiri ndi wakuda. Woyambawo ndi wotsekemera kwambiri. Waciwiriwo ukuwawako pang'ono pa lilime. Wonsewo ndi uci weniweni. Wonsewo unapangidwa ndi njuci. Nanga wasiyana cifukwa ciyani?

Yankho lili m'maluwa. Njuci zina zinapita ku maluwa a mtengo uwu. Njuci zina zinapita ku maluwa a mtengo winawo. Uci umatenga mtundu, fungo ndi kukoma kucokera ku maluwa amene njuci zinaterapo. Umatenganso mphamvu zina za mtengowo.

Ndiye cifukwa cake anthu ofufuza za mankhwala amayamba ndi funso limodzi: kodi uci uwu wacokera ku mtengo uti?

Mmene njuci zimapangira uci

M'kati mwa duwa muli timadzi totsekemera. Njuci imatera pa duwa ndi kuyamwa timadzito. Imatisunga m'kathumba ka m'mimba mwake. Ikakhuta imabwerera ku mng'oma.

Ku mng'oma, njuci zimapatsirana timadzi tija kukamwa. Pocita zimenezi zimasakanizamo malovu ao. Kenaka zimathira timadzito m'zisa. Zimakupiza ndi mapiko ao kuti madzi acepe. Uci ukapsa, zimatseka zisa ndi phula. Uci wokupsa bwino uli ndi madzi ocepa. Pa magawo 100, madzi sapitirira magawo 20. Mbali yaikulu ndi shuga.

Pa duwa palinso kaufa kosalala. Kaufa kameneka ndi mungu. Njuci ikalowa m'duwa, mungu umamatirira ku ubweya wake. Mungu wina umagwera m'timadzi tija ndi kulowa mu uci. Conco m'botolo lililonse la uci wosasefedwa kwambiri muli timbewu ta mungu. Maso sangatione, koma tilimo.

Njuci zimauluka mtunda wautali. Kawirikawiri zimafika makilomita 2 kapena 3 kucokera pa mng'oma. Nthawi zina zimapitirira pamenepo. Mlimi wa njuci sangazitsate zonse. Mtengo umene uli pafupi ndi mng'oma si ndiwo wokha umene njuci zimapitako.

Uci ngati mankhwala

Kuyambira kale anthu akhala akugwiritsa nchito uci monga mankhwala. Amamwa uci akamva zowawa kukhosi. Ena amapaka uci pa cilonda.

Ofufuza anapeza zifukwa zake. Coyamba, uci uli ndi shuga wambiri. Shugayo amayamwa madzi, ndipo tizirombo toyambitsa matenda timalephera kuswana. Caciwiri, uci uli ndi kowawasa pang'ono, ndipo tizirombo tambiri sitikonda malo owawasa. Cacitatu, uci ukasakanikirana ndi madzi umatulutsa pang'ono pang'ono mankhwala otsukira zilonda, amene kucipatala amachedwa água oxigenada. Mankhwalawa amapangika cifukwa ca malovu aja a njuci.

Koma mphamvu ya uci si yofanana. Wina uli ndi mphamvu zambiri, wina zocepa. Wofufuza akayesa uci ndi kupeza kuti ukupha tizirombo, nchito yake sinathe. Ayenera kuchula mtengo wake. Akapanda kuuchula, wofufuza wina sangathe kubwereza nchitoyo. Akachula mtengo wolakwika, anthu adzagula uci wina umene sunayesedwe. Adzataya ndalama, ndipo wodwala sadzathandizika.

Zimenezi zinaoneka bwino m'dziko lina lakutali.

Nkhani ya manuka

Dziko la New Zealand lili pa zilumba, kutali kum'mawa, kupitirira dziko la Australia. Kumeneko kuli kamtengo ka m'chire kochedwa manuka. Dzina limeneli ndi la m'cinenero ca anthu a mtundu wa Maori. Kamtengoka kali ndi masamba ang'ono ndi maluwa oyera. Uci wake ndi wakuda ndi wolimba. Kale anthu ambiri sankaukonda, ndipo unkagulitsidwa motsika mtengo.

Mphunzitsi wina wa pa Yunivesite ya Waikato, dzina lake Peter Molan, anayamba kufufuza za uci m'zaka za m'ma 1980. M'caka ca 1991, iye ndi anzake awiri anasindikiza zimene anapeza. Iwo anayesa zitsanzo 345 za uci wocokera ku mitundu 26 ya maluwa. Anaika uciwo pa tizirombo timene timaoletsa zilonda. Anaona kuti mphamvu ya uci inali yosiyana kwambiri.

Anaonanso cinthu cina. Atacotsa água oxigenada uja, uci wa mitundu yambiri unatha mphamvu. Koma uci wina wa manuka unapitiriza kupha tizirombo. Munali cinthu cina cimene iwo sanacidziwe.

Panapita zaka zambiri. M'caka ca 2008, ofufuza a mu mzinda wa Dresden, ku Germany, analengeza dzina la cinthuco. Dzina lake ndi methylglyoxal. M'caka ca 2009, ofufuza a ku Waikato anapeza kumene cimacokera. M'timadzi ta duwa la manuka muli cinthu cimene cimasanduka methylglyoxal uci ukamakhalitsa. Conco mphamvu imeneyi siicokera kwa njuci. Imacokera ku mtengo.

Uci wa manuka unachuka pa dziko lonse. Mtengo wake wogulira unakwera kwambiri. Zipatala zina zimagwiritsa nchito nsalu zomangira zilonda zokhala ndi uci umenewu. Uci wa kucipatalawo umayamba watsukidwa mwapadera kuti musakhale tizirombo tamoyo.

Mitengo iwiri yofanana

Pamenepo panabuka bvuto. Ku New Zealand kuli mtengo wina wochedwa kanuka. Kanuka amamera malo amodzi ndi manuka. Nayenso ali ndi masamba ang'ono ndi maluwa oyera. Munthu woona patali amayesa ndi mtengo umodzi. Ngakhale akatswiri a zomera, kwa zaka zambiri, anaika mitengo iwiriyi m'gulu limodzi. Anailekanitsa m'caka ca 1983.

Munthu akafika pafupi amaona kusiyana. Masamba a manuka amabaya m'manja. Masamba a kanuka ndi ofewa. Maluwa a manuka ndi okulirapo. Maluwa a kanuka ndi ang'ono, ndipo amakhala ambiri pamodzi. Tizipatso ta manuka ndi tolimba ndipo timakhalitsa pa nthambi. Ta kanuka ndi tating'ono ndipo timagwa msanga.

Uci wa kanuka ndi wabwino ndithu, koma ulibe methylglyoxal wambiri monga wa manuka. Tsono wofufuza akatenga uci wa kanuka nkulemba kuti ndi wa manuka, adzanena kuti manuka alibe mphamvu. Limenelo ndi bodza, ngakhale iye sanafune kunama. Wogulitsa akalemba dzina la manuka pa botolo la uci wina, wogula amanyengedwa.

Boma la New Zealand linaona kuti pafunika lamulo. Kumapeto kwa caka ca 2017 linalengeza njira yodziwira uci weniweni wa manuka. Lamulolo linayamba kugwira nchito m'caka ca 2018. Uci wopita kumaiko ena ndi dzina la manuka uyenera kupambana mayeso 5. Mayeso 4 ndi oona zinthu za mu uciwo. Mayeso amodzi ndi oona ngati muli mungu wa manuka weniweni.

Njira zodziwira mtengo

Kodi ofufuza amadziwa bwanji mtengo umene wapereka uci? Pali njira zinayi. Njira imodzi payokha siikwanira. Zonse zimathandizana.

Njira yoyamba ndi kufunsa mlimi wa njuci. Iye amadziwa kumene anapacika mng'oma. Amadziwa mitengo imene inali ndi maluwa. Amadziwa mwezi umene anafula uci. Amazindikira fungo ndi kukoma kwake. Nzeru zimenezi ndi zofunika, ndipo wofufuza wabwino amazilemba m'buku. Koma mlimi saona kumene njuci iliyonse yapita. Ndiye mau ake ndi ciyambi cabe.

Njira yaciwiri ndi kutenga citsanzo ca mtengo. Wofufuza amathyola kanthambi kokhala ndi masamba ndi maluwa. Amakaika pakati pa mapepala ndi kutsindikiza ndi cinthu colemera kuti kaume. Kakauma amakamata pa pepala lolimba. Pa pepalapo amalemba tsiku, malo, dzina la mtengo m'cinenero ca eni dera, ndi dzina la amene wathyola. Pepalalo limasungidwa m'nyumba yosungiramo zitsanzo za zomera. M'Cipwitikizi nyumba imeneyi imachedwa herbário. Ku Maputo kuli nyumba zotere, ina ku Universidade Eduardo Mondlane ndipo ina ku likulu lofufuza za ulimi la IIAM. Wina akakaikira dzina la mtengo, angathe kupita kukaona citsanzoco, ngakhale patapita zaka 50.

Njira yacitatu ndi kuwerenga mungu. Wofufuza amatenga magalamu 10 a uci ndi kuusungunula m'madzi ofunda. Amaika madziwo m'makina ozunguza mwaliwiro. Mungu umadikha pansi. Iye amauika pa kagalasi ndi kuuyang'ana pa maikulosikopu, makina amene amakulitsa tinthu tating'ono. Pamenepo timbewu ta mungu timaoneka bwino. Ta mpendadzuwa ndi tobulungira, tokhala ndi timinga. Ta bulugamu tili ndi ngodya zitatu. Wofufuza amawerenga timbewu mazana angapo. Kawirikawiri, ngati timbewu toposa 45 pa 100 tili ta mtengo umodzi, uciwo umachedwa dzina la mtengowo.

Koma mungu nawo umasokeretsa. Bulugamu amathira mungu wambiri mu uci. Maluwa a malalanje amathira wocepa. Cimanga cili ndi mungu wambiri pa ngayaye, ndipo njuci zimautenga kukadyetsa ana ao, koma ngayaye zilibe timadzi topangira uci. Mungu wa cimanga ukapezeka m'botolo, sikuti uciwo ndi wa cimanga. Ndiponso mungu wa manuka ndi wa kanuka umafanana kwambiri pa maikulosikopu. Maso a katswiri amabvutika kuulekanitsa.

Njira yacinayi ndi kuyesa za m'kati. Wofufuza amayesa uci pa makina kuti aone zinthu zimene zimapezeka m'timadzi ta mtengo wakutiwakuti. Amayesanso DNA ya mungu. DNA ndi cizindikiro cobisika m'camoyo ciliconse. Cizindikiroci ncosiyana mtundu ndi mtundu. DNA ya manuka siifanana ndi ya kanuka. Pamene maso alephera, DNA imathandiza.

Dzina la mtengo

Mtengo ukadziwika, uyenera kulembedwa ndi dzina losasokoneza. Apanso pafunika kusamala.

Mtengo umodzi umakhala ndi maina ambiri. Mtengo umene m'Cinyanja umachedwa mlambe, m'Cipwitikizi ndi embondeiro. Masau, m'Cipwitikizi ca ku Tete, ndi maçanica. Masuku, m'Cishona, ndi mazhanje.

Komanso dzina limodzi limachulidwa pa mitengo ingapo. Dzina loti mombo silinena mtengo wa mtundu umodzi wokha. Pali mitundu ingapo ya mitengo yapacibale imene anthu amaichula dzina limeneli. Wofufuza akangolemba kuti “uci wa mombo”, wowerenga adzafunsa kuti, “Mombo wake uti?”

Pofuna kuthetsa cisokonezo cotere, akatswiri a zomera pa dziko lonse amagwiritsa nchito maina a Cilatini. Njira imeneyi inakhazikitsidwa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'buku lake la m'caka ca 1753. Mtengo uliwonse uli ndi maina awiri. Loyamba lili ngati ciwongo, cifukwa ndi la abale onse. Laciwiri ndi la mtunduwo wokha. Mlambe ndi Adansonia digitata. Msuku ndi Uapaca kirkiana. Msau ndi Ziziphus mauritiana. Manuka ndi Leptospermum scoparium.

Dzina la Cilatini silicotsa dzina la kumudzi. Wofufuza wosamala amalemba onse awiri. Dzina la kumudzi limamuthandiza kulankhula ndi eni nkhalango. Dzina la Cilatini limamuthandiza kulankhula ndi ofufuza a maiko ena.

Uci wina umadwalitsa

Kudziwa mtengo kumatetezanso moyo. Ku New Zealand komweko kuli citsamba cochedwa tutu. Utomoni wake uli ndi ciphe. Tizirombo tina timayamwa utomoniwo ndi kusiya timadzi totsekemera pa masamba. Maluwa akasowa, njuci zimatola timadzi timeneti. Njucizo sizifa, koma uci wao umakhala ndi ciphe.

M'caka ca 2008, anthu 22 anadwala atadya uci wotere wocokera ku dera la Coromandel. Uciwo unkaoneka bwino, ndipo unkakoma monga uci wina uliwonse. Pambuyo pake boma linaika malamulo okhwima. Alimi a njuci a m'madera a tutu ayenera kusamala nyengo yofulira, kapena kuyezetsa uci wao asanaugulitse.

Nkhani imeneyi ikuphunzitsa kuti kulawa kokha sikukwanira. Pafunika kudziwa zomera zonse za kumene njuci zimadya.

Mitengo ya kuno

M'zigawo za Tete ndi Niassa muli nkhalango za miombo. M'nkhalangozi anthu amafula uci m'mapanga a mitengo ndi m'ming'oma. Mitengo ya kuno siichita maluwa nthawi imodzi. Mango amacita maluwa m'nyengo yozizira ndi kumayambiriro a cilimwe. Mombo amacita maluwa m'nyengo yotentha, mvula isanagwe. Maungu amacita maluwa m'dzinja. Mpendadzuwa amacita maluwa mvula ikamapita kumapeto. Motero mng'oma umodzi ungathe kupereka uci wosiyana m'caka cimodzi.

Zimene zinapezeka pa uci wa manuka ndi za manuka. Sizinena za uci wa mombo, kapena wa msau, kapena wa bulugamu. Uci uliwonse uyenera kuyesedwa paokha, ndi dzina la mtengo wake. Mwina uli ndi mphamvu zambiri, mwina zocepa. Yankho loona limabwera pokhapokha mtengo utadziwika bwino.

Pa nchito imeneyi anthu a kumudzi ali ndi mbali yaikulu. Agogo amadziwa maina a mitengo. Amayi amadziwa nyengo imene maluwa amatuluka. Alimi a njuci amadziwa kumene njuci zimakonda. Mlimi akalemba pa botolo malo, mwezi ndi mitengo imene inali ndi maluwa, wathandiza wogula ndi wofufuza yemwe. Akasakaniza uci wa malo osiyana m'cidebe cimodzi, ciyambi cake cimasowa.

Ndipo mitengoyo iyenera kukhalapo. Moto wolusa umapsereza maluwa. Mtengo wosendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse umauma. Popanda mtengo palibe duwa, ndipo popanda duwa palibe uci.

Mau kwa makolo

Uci ndi cakudya cabwino, koma suciza matenda onse.

Mwana amene sanakwanitse caka cimodzi sayenera kupatsidwa uci, ngakhale pang'ono. Mu uci mungathe kukhala timbewu ta tizirombo timene m'mimba mwa khanda simungathe kulimbana nato.

Mwana wopitirira caka cimodzi akamatsokomola, uci wocepa umafewetsa kukhosi. Koma akatentha thupi kapena akamabanika, apite naye kucipatala msanga. Uci suciza malungo.

Cilonda cacikulu, cilonda cotuluka mafinya, ndi bala lalikulu la moto, zonsezi ndi za kucipatala. Uci wa pa msika si wofanana ndi uci wotsukidwa wa kucipatala.

Wogulitsa akanena kuti uci wake ndi mankhwala, wogula ali ndi ufulu wofunsa kuti, “Wacokera kuti? Wafulidwa liti? Ndi wa mtengo wanji?”

Mau atsopano

Mungu: kaufa ka pa duwa.

Mng'oma: nyumba ya njuci yopangidwa ndi anthu.

Kufula: kucotsa uci mu mng'oma kapena m'phanga.

Wofufuza: munthu amene amayesa zinthu mosamala kuti apeze zoona.

Citsanzo: kagawo kocepa kotengedwa kuti kayesedwe kapena kasungidwe.

Maikulosikopu: makina oonera tinthu tating'ono.

Mafunso

1. Kodi njuci zimatenga ciyani m'duwa?

2. Cifukwa ciyani uci wina ndi wakuda ndipo wina ndi woyererako?

3. Kodi manuka amamera m'dziko liti?

4. Masamba a manuka amasiyana bwanji ndi masamba a kanuka?

5. Chulani njira ziwiri zodziwira mtengo umene wapereka uci.

6. Kodi khanda la miyezi 6 lingadye uci?

Nchito ya kunyumba

1. Pemphani agogo kapena amalume akuuzeni maina a mitengo 3 imene njuci zimakonda. Afunseninso nyengo imene mitengoyo imacita maluwa.

2. Pitani ndi munthu wamkulu kukathyola tsamba ndi duwa la mtengo umodzi mwa mitengoyo. Musayandikire mng'oma.

3. Ikani tsamba ndi duwalo pakati pa mapepala awiri. Sanjikanipo mwala wosalala. Dikirani masiku 7.

4. Matani tsamba ndi duwa louma m'kope lanu. Mothandizidwa ndi makolo, lembani dzina la mtengo, malo ndi tsiku.

5. Bweretsani kope kusukulu. Yerekezani ndi za anzanu. Onani ngati pali mtengo umodzi umene wapatsidwa maina awiri, kapena mitengo iwiri imene yapatsidwa dzina limodzi.